Klorini sakuoneka pa pool tester ngakhale tathira mlingo wonse

Mtsogoleri wa mavolontiya, dera la Koche:
Anzanga a Red Cross ndi inu alangizi a zaumoyo amene muli pano, ndithandizeni msanga chifukwa mawa m'mawa mavolontiya akubwereranso kudoko ndipo ndikufuna ndikhale ndi chowauza. Tikuthira klorini m'ndowa ndi m'zigubu pomwe anthu akutunga madzi a m'nyanja. Stock yathu, ndiye kuti klorini wosungunula amene timathirayo, ndi ya 1%, magalamu 15 a ufa wa klorini wotchedwa HTH pa lita imodzi ya madzi, ndipo tikuthira mamililita 4 pa chigubu cha malita 20 pogwiritsa ntchito sirinji. Pakatha mphindi 30 tikayeza ndi pool tester, kachipangizo koyezera klorini m'madzi, titaikamo piritsi la DPD 1 limene limaonetsa pinki ngati m'madzimo muli klorini, madzi sakusintha mtundu ngakhale pang'ono, pamene timayembekezera kupeza klorini wotsalira wa mamiligalamu pakati pa 0.2 ndi 0.5 pa lita. Chiyambireni mvula sabata ino zikungokhala choncho, ndipo zikundiwawa kwambiri chifukwa amayi akunyamula madziwo akukhulupirira kuti ndi otetezeka popeza athiridwa ndi munthu wovala chizindikiro chathu.

Woyang'anira nkhokwe, Mangochi Boma:
Achimwene, HTH yanuyo inatha mphamvu, palibenso china. Ufa umenewu ukakhalitsa pamalo otentha, kapena chivindikiro chikamatsegulidwa kawirikawiri m'nyengo ya chinyezi, umaundana ndipo sukhalanso pa 65 kapena 70% monga zalembedwa pa chigubu. Kutentha kwa kuno nonse mukukudziwa. Lembani kalata mupemphe ina.

Mlangizi wa zaumoyo, Malindi:
Musanataye ufawo, tiuzeni mmene madziwo akuonekera. Mvula ikagwa, mitsinje ndi ngalande zimakokolola matope, ndowe ndi zinyalala n'kuzitsira m'mphepete momwe anthu amatungamo, ndipo padoko pamakhalanso madzi otsukira nsomba. Zonsezi zimadya klorini asanagwire ntchito yake, moti mamililita 4, amene amapereka mamiligalamu 2 pa lita m'chigubu cha malita 20, akhoza kutheratu mphindi 30 zisanakwane. Muyeso umene tonse tinaphunzira ndi wakuti kuvunduka kwa madzi kusapitirire 5 NTU. Ngati mulibe chubu choyezera kuvunduka, dzazani ndowa yoyera ndipo muone ngati pansi pake pakuoneka bwino. Ngati sipakuoneka, madziwo ayambe adikha, asefedwe ndi nsalu yoyera, kenako klorini alowe.

Chachiwiri, tengani ndowa zinayi zapulasitiki za malita 20 za madzi omwewo, muthire milingo yosiyana kuyambira mamililita 4 kukwera pang'onopang'ono, mudikire mphindi 30 ndi kuyeza iliyonse. Ndowa imene yafika pa 0.5 ndiyo ikuuzeni mlingo wa tsikulo. Ndikunena wa tsikulo chifukwa nyanja ikabata mlingo womwewo udzakhala wochuluka, ndipo anthu adzayamba kudandaula fungo.

Mtsogoleri wa mavolontiya, dera la Koche:
Madziwo ndi ofiirira ndithu, makamaka m'mawa. Ndinenenso kuti stock yomweyo tikaithira m'madzi a pamjigo wa kumtunda, pinki akutuluka bwinobwino.

Woyang'anira nkhokwe, Mangochi Boma:
Madzi a pamjigo ndi oyera kale, ngakhale ufa wofooka ukhoza kuonetsa pinki pamenepo. Zimenezi sizikutsimikiza kuti HTH yanu ili bwino. Ine ndakhala ndikusunga katundu ameneyu kuyambira nthawi ya kolera ya 2022 ndipo ndaona zigubu zambiri zimene zinkaoneka zabwino kunja koma m'kati muli ufa wakufa.

Mphunzitsi wa chithandizo choyamba, Monkey Bay:
Ndikupempha kuti pasakhale aliyense wouza mavolontiya kuti angowonjezera mongoyerekeza. Klorini akachuluka kwambiri, kupitirira mamiligalamu 10 pa lita, amafufutitsa mtundu wa DPD, ndipo pinki amangoonekera kamphindi n'kuzimirira, munthu n'kuganiza kuti m'madzimo mulibe kanthu pamene ndi ochuluka mopyola. Wosadziwa amawonjezeranso, ndipo mapeto ake banja limataya madziwo n'kukatunga ena osathira. Onaninso mapiritsi anu a DPD ngati sanapitirire tsiku lake kapena kulowa chinyezi, ndipo asamagwidwe ndi zala. Madzi a m'nyanja yathu pH yake, muyeso wa asidi wa m'madzi, imakonda kukhala pafupi ndi 8 kapena kupitirirapo, choncho yezani pH ndi mapiritsi a phenol red, ndipo ikapitirira 8 anthu adikire ola lathunthu asanamwe.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mabotolo. M'nthawi ya namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, ndinatumizidwa kukathandiza pa msasa wina wa anthu othawa madzi kunja kwa boma lino, ndipo ndinapeza stock ya 2% yothira pa masanzi ndi chimbudzi cha odwala itaikidwa m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi lopanda cholemba chilichonse, pafupi ndi pamene ana ankasewera. Mayi wina analanda botololo m'manja mwa mwana atalitsegula kale. Botolo lililonse lilembedwe, kaya ndi 0.05% yosambira m'manja, 0.2% yopukutira pansi ndi ziwiya, 1% ya madzi akumwa kapena 2%, ndipo stock isasiyidwe padzuwa padoko tsiku lonse kapena kusungidwa m'chitini chachitsulo.

Volontiya wamkulu, Makanjira:
Mayi a ku Monkey Bay anena zoona pa nkhani ya klorini wochuluka. Kuno m'chaka chija kolera itavuta, kuchokera pamene inayamba ku Machinga mu Malichi 2022 mpaka kufika pa kampeni ya Tithetse Kolera mu 2023, vuto lathu lalikulu silinali ufa koma kukhulupirirana. Panali mphekesera zoti mankhwalawa ndiwo akubweretsa matenda, ndipo tsiku limene madzi ananunkha kwambiri mudzi wonse unatikana. Tinayambiranso kudzera kwa mafumu, mashehe ndi abusa, ndipo volontiya aliyense ankayamba wamwa yekha madziwo anthu akuona. Asodzi ndiye nkhani ina, chifukwa amachoka madzulo n'kukagona panyanja akumwa madzi omwe ali pansi pa bwato, ndipo amasamuka doko ndi doko kutsatira usipa, moti amene mwamuphunzitsa lero mawa mupeza wina. Ife tinayamba kukumana ndi eni mabwato ndi a komiti ya padoko nthawi yokonza maukonde, kuti chigubu chothiridwa kale chizikwera m'bwato pamodzi ndi mafuta ndi ufa wa nsima.

Mphunzitsi wa chithandizo choyamba, Monkey Bay:
Bambo a ku Makanjira, chigubu cha madzi othiridwa kale chikwere, koma ufa wa HTH usayandikire petulo, dizilo kapena feteleza, m'bwato ngakhale m'nkhokwe, chifukwa ukhoza kuyaka. Ndipo asodzi asapatsidwe ufawo kuti azikasungunula okha.

Woyang'anira nkhokwe, Mangochi Boma:
Zonsezi ndazimva ndipo sindikutsutsa, koma pali funso limene silinayankhidwe. Chigubu cha HTH chimenecho chinatsegulidwa liti, ndipo chimagona m'chipinda chotani? Mukhoza kusefa madzi ndi kuyeza ndowa zinayi, koma ngati ufawo uli pa theka la mphamvu, stock yanu si 1% ndipo masamu onse amene mukuwerengera ndi olakwika.

Mlangizi wa zaumoyo, Malindi:
Akulu, kuyeza kwa ndowa zinayi kumathandiza ngakhale ufa utafooka, chifukwa chimene tikuwerenga ndi klorini wotsalira m'madzi, osati zolembedwa pa chigubu. Koma kuti mtima wanu ukhale pansi, achimwene a ku Koche abwereke ufa pang'ono kwa mlangizi wa zaumoyo wa dera lawo, apange stock ziwiri m'mawa womwewo, azisiye zidikhe n'kutsanula zapamwamba zokha, ndipo aziyese pa madzi amodzi. Ndiwonjezere kuti mlingo watsopano usasinthidwe ndi mavolontiya okha. Udutse kwa woyang'anira zaumoyo wa zachilengedwe wa dera lanu, popeza ife a Red Cross ndi a boma timayenda ndi uthenga umodzi, ndipo anthu akamva milingo iwiri yosiyana amasiya yonse. Ngati madzi apitirira kuvunduka ngakhale atasefedwa, ndi bwino kuwauza anthu poyera kuti akatunge pamjigo kapena awiritse, kusiyana ndi kuwathirira mankhwala amene sakugwira.

Volontiya wamkulu, Makanjira:
Kuwiritsa n'kovuta kuno chifukwa nkhuni zomwe zilipo anthu amasungira kuwambira nsomba, ndipo pamjigo pamakhala mzere wautali pamene nyanja ili pakhomo. Kodi alipo amene ali ndi pool tester yapadera kapena mapiritsi a DPD 1 otsala? Kuno yathu inasweka, ndipo ndi mvulayi msewu wobwera ku Boma sukuyendeka bwino.