Mboni yakana kamera, koma chithunzi chake chili pa Facebook

Mtolankhani wa kukhoti: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru, tsamba likutsekedwa madzulo ano. Ndikutsatira mlandu wa woimba wotchuka uja akumuzenga kuti anapha chibwenzi chake. Lero kunabwera mboni yoyamba, mayi woyandikana nawo nyumba. Asanayambe kulankhula, woweruza analamula kuti makamera azimitsidwe, mayiyo asajambulidwe, koma zonena zake titha kulemba. Pofika ku ofesi ndapeza bwana mkonzi atatola kale chithunzi cha mayiyo pa Facebook, atatchena pa ukwati winawake, akuti chipite patsamba loyamba. Akuti khoti laletsa kujambula m'khotimo basi, osati chithunzi chomwe mwiniwake anaika yekha poyera. Ndiwayankhe bwanji?

Wojambula zithunzi: Ine ndikuona ngati bwanawo sakulakwa kwenikweni. Dzina la mayiyo latchulidwa pagulu, aliyense amene ali ndi foni amupeza. Mukasiya inu, anzanu aika, mawa nyuzi yanu itsala pa shelefu.

Mkonzi wopuma: Ayi achimwene, pamenepo ndiye pamene anthu amagwera. Zimenezi zinachitikapo ndendende pa mlandu wa Oscar Pistorius, wothamanga wotchuka wa ku South Africa amene anazengedwa ku Pretoria chifukwa chopha chibwenzi chake, Reeva Steenkamp. Mlanduwo usanayambe, mu February 2014, Jaji Dunstan Mlambo anagamula kuti mawu a mlandu wonse aulutsidwe, koma kanema ionetse zigawo zina zokha, ndipo mboni wamba ili ndi ufulu wokana kuonetsedwa. Mlandu unayamba pa 3 March. Mboni yoyamba inalinso mayi wokhala chapafupi, amene anati anamva kukuwa usiku umene Reeva Steenkamp anaphedwa, ndipo anakana kamera. Wailesi ina ya kanema inaganiza monga akuganizira bwana wanuwo: inatenga chithunzi chake pa intaneti n'kumachionetsa mawu ake akumveka. Tsiku lachiwiri lomwelo Gerrie Nel, woimira boma, anaimirira mayiyo ali pakati pofunsidwa mafunso n'kudandaula. Jaji Thokozile Masipa, amene ankazenga mlanduwo, anachenjeza atolankhani mwamphamvu, n'kunenetsa kuti chithunzi cha mboni yokana chisatuluke, kaya chachokera kuti.

Chimene woweruza amateteza ndi nkhope ya munthuyo, kuti mawa akakwera basi asalozedwe zala, ndiponso kuti mboni zotsatira zisachite mantha n'kuyamba "sindikukumbuka". Kamera ya m'khoti ndi njira imodzi chabe yotulutsira nkhopeyo. Woweruza akaona kuti mwazembera lamulo lake mwadala, sakhala pansi kumvera zoti chithunzicho chinali cha pa ukwati.

Wa pawailesi: Komanso onani amene angapwetekedwe. Bwana mkonzi amakhala mu ofesi. Amene mawa m'mawa akaimitsidwe pamaso pa jaji, mwinanso kutulutsidwa anzake akuonerera, ndi inuyo. Ndipo jaji akakwiya sasankha, amatha kutseka makamera a tonse mpaka mlandu kutha.

Wojambula zithunzi: Chabwino, ndamva. Nanga tikaphimba nkhope?

Mkonzi wopuma: Mukaphimba nkhope chatsala n'chiyani, diresi? Amene anali pa ukwatiwo amudziwabe, amene sanaliko sapindula kanthu. Ndipo kusewera ndi zithunzi pa milandu yotere kuli ndi mbiri yake yoipa. Mu June 1994 magazini ya ku America ya Time inatenga chithunzi cha apolisi cha O.J. Simpson, katswiri wakale wa mpira wa ku America amene anamangidwa pomuganizira kuti anapha mkazi wake wakale, n'kuchidetsa kuti nkhope ioneke yakuda kwambiri, pomwe magazini ya Newsweek inaika chomwecho osachikhudza. Magazini awiriwo anali moyandikana pogulitsira, aliyense anadzionera yekha kusiyanako, ndipo mpaka lero amaphunzitsira ana a utolankhani.

Mtolankhani wa kukhoti: Zikomo bambo. Koma kungopita n'kukanena kuti "ayi" sizithandiza, tsamba loyamba likufunabe chithunzi.

Mlembi wa nkhani za malamulo: Choyamba, lamulolo munalilemba mawu ake enieni? Ngati mukukayika, imbirani kalaliki wa khoti pompano akuwerengereni. Ena amaletsa nkhope yokha, ena dzina lomwe, ena ngakhale malo amene mboni ikukhala. Kenako mukawauze bwanawo kuti nkhaniyi idutse kaye kwa loya wa kampani, ndipo muwalembere uthenga, osangolankhula pakamwa. Mkonzi akaona kuti zalembedwa amayamba kuganiza mofatsa. Ngati akuona kuti chiletsocho n'chopitirira muyezo, loya akapemphe khoti kuti lichifewetse. Zimatheka: pa mlandu wa Pistorius womwewo, jaji analetsa kuulutsa pompopompo umboni wa dokotala amene anapima thupi la malemuyo, ngakhale pa Twitter, koma kenako mbali ya Twitter anaimasula.

Za chithunzi, muli nazo zambiri. Wozengedwa mlanduyo akutsika m'galimoto, maloya akulowa ndi mafayilo, khamu la omutsatira panja. Amene akugulitsa nyuziyo ndi woimbayo, osati mayi amene dzulo palibe ankamudziwa.

Wa pawailesi: Ndiwonjezereko pang'ono. Mutu wa nkhani muuyang'anenso, asakulembereni zonena za mayiyo ngati khoti lagamula kale. Loya wa woimbayo sanamufunsebe mafunso, eti? Mawa umboniwo utha kugwedezeka. Pistorius yemweyo mu 2014 anapezeka wolakwa pa kupha mosafuna, ndipo chigamulo chinadzasintha kukhala kupha mwadala mu December 2015 ku khoti la apilo.

Mtolankhani wa kukhoti: Ndaimba. Kalaliki akuti chiletso ndi cha chithunzi chamtundu uliwonse, koma dzina ndi lololedwa. Loya wathu wawaimbira bwana, chithunzi cha pa ukwati chachotsedwa, taika cha woimbayo ali ndi unyolo m'manja pakhomo la khoti. Achimwene ojambula, mawa mufike molawirira, akuti adzamulowetsera khomo la kumbuyo.