Ndere zadzaza thanki ya nsomba za m'madzi amchere, koma phosphate akuwerenga 0

Moni nonse a pagulu pano. Ndili ku Luchenza, ku Thyolo. Amalume anga pobwerera ku Durban mu Januwale anandisiyira thanki yawo yagalasi ya malita 200. Muli tinsomba tiwiri ta clownfish, miyala ya m'nyanja yamchere ndi ma coral (tizamoyo ta m'nyanja tomera pamiyala ngati zomera) ofewa ochepa. Kusungunula mchere m'madzi mpaka muyezo wake ufike pa 1.025 anandiphunzitsa, ndipo pamenepo sindiphonya.

Chandivuta ndi ndere. Ndi zobiriwira, zazitali ngati tsitsi, ndipo zagwira mwala uliwonse. Loweruka ndimazikwecha ndi mswachi wakale, pofika Lachinayi zaphukanso. Dzulo ndinapeza coral imodzi itakutidwa yonse, siikutambasukanso nyale ikayaka m'mawa. Mtima ukundiwawa, chifukwa amalume anazisiya m'manja mwanga ali ndi chikhulupiriro.

Ndikudziwa kuti ndere zimanenepa ndi phosphate, chakudya cha zomera chimene chimasungunuka m'madzi, ndiye ndinayeza ndi kit ya Salifert imene anasiya. Phosphate akakhalapo madzi a m'kabotolo amasanduka abuluu, koma anga anangokhala mbee, katatu konse. Nanga nderezi zikudya chiyani? Kit yatha mphamvu kapena ndine ndikulakwitsa?

Ndisabise kanthu: makina a RO osefera madzi anawonongeka mu Epulo, kuyambira pamenepo ndikutunga pachitsime chathu. Kumtunda kwake kuli dimba limene timathirako feteleza wa 23:21:0+4S, ndipo 21 ameneyo ndi phosphate. Thankiyo ili pafupi ndi zenera, dzuwa la masana limaiomba. Ndiyambire pati, abale?

Yankho: Achimwene, 0 ameneyo asakupusitseni. Kit imayeza phosphate wotsala m'madzi, pomwe ndere zikachuluka zimamumwa akangotuluka. Miyala nayonso imamusunga, n'kumamutulutsa pang'onopang'ono. Yezani madzi a pachitsimewo musanathire mchere, ndipo kabotolo ka kit muzikayang'ana kuchokera pamwamba mutakaika pa pepala loyera, kuwala kwa masana. Onaninso tsiku lothera mphamvu pa bokosi.

Yankho: Chitsimecho chisiyeni lero lomwe, bambo. Konzetsani RO, kenako muzisintha malita 20 sabata iliyonse. Ndere muzizula ndi dzanja n'kuzitaya kunja, chifukwa zikaolera momwemo phosphate yense amabwerera m'madzi. Zenera tchingani, nyale isapitirire maola 8. Nsombazo mukuzidyetsa kangati patsiku?

Wofunsa: Katatu, amayi, ndipo zotsala ndimaziona zikumira pansi. Ndimaopa kuti nsombazo zingafe ndi njala. Madzi a pachitsime ndawayeza tsopano lino, asanduka abuluu, pafupi ndi 0.5 ppm (mamiligiramu pa lita imodzi ya madzi).

Yankho: Ndi pamenepo. Ambiri oweta ma coral amafuna phosphate akhale pakati pa 0.03 ndi 0.1 ppm, ndiye taonani zimene mwakhala mukuthiramo. Tinsomba tiwiri dyetsani kamodzi kapena kawiri, chakudya choti chithe pa mphindi ziwiri. Auzeni amalume akutumizireni GFO, timiyala tofiirira togwira phosphate, koma muyambe ndi theka la muyezo, chifukwa akatsika mwadzidzidzi ma coral amadwala.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Amalume ndiwaimbira madzulo ano. Koma kodi alipo amene akudziwa komwe ndingapeze ma filter a RO ku Limbe kapena ku Blantyre? Nanga podikira, madzi a m'mabotolo ogula angathandize ndikayamba ndawayeza?