Konkire akakhudzana ndi dongo pansi pa nthaka, chimachitika n'chiyani? Ndithandizeni

Akuluakulu a pa gulu pano, makamaka inu odziwa za simenti ndi miyala, ndithandizeniko nzeru. Ndili m'chaka chomaliza cha uinjiniya, ndipo ndikulemba za Cigéo, malo amene dziko la France likufuna kukwirirako zinyalala za nyukiliya ku Bure, mamita pafupifupi 500 pansi.

Anasankha malowo chifukwa cha dongo. Ndi dongo louma ngati mwala, la zaka pafupifupi 160 miliyoni, ndipo madzi amadutsamo movutikira kwambiri. Koma ngalande zake adzazimanga ndi konkire, ndiye mutu wanga waima pamenepa. Madzi a m'timabowo ta simenti wamba amakhala ndi pH (muyezo wa asidi ndi alikali, pomwe 7 ndi pakatikati) yopitirira 13, pomwe a m'dongo ali cha m'ma 7. Ziwirizi zikakhudzana, dongo limayamba kudyeka, konkire nayenso amataya kashiamu, ndipo pamalirepo pamaundana calcite (mwala wa laimu) yotseka timabowo.

Kutsekekako n'kwabwino kapena n'koopsa? Aphunzitsi anga akuti ndiime mbali imodzi, ine mtima ukukana. Zikundisowetsa tulo, chifukwa odzakhala pamwamba pa dzenjelo ndi anthu oti sanabadwe n'komwe.

Yankho: Achimwene, musaime mbali imodzi. Timabowo tikatsekeka, madzi a simenti aja salowerera m'dongo, apo ndi pabwino. Koma zitsulo za m'dzenjemo zikamachita dzimbiri mopanda okosijeni zimatulutsa mpweya wa hydrogen, ndiye udzatulukira kuti? Onani za ku Mont Terri ku Switzerland. Ofufuza a kumeneko anathira konkire m'dongo lotchedwa Opalinus mu 2007, ndipo pamene akhala akubowola n'kuyeza, kusinthako kwalowa mamilimita ochepa chabe.

Yankho: Ndiwonjezereko. Ambiri amathamangira simenti wa pH yosapitirira 11, wosakaniza ndi silica fume (fumbi losalala kwambiri la silika), poti sapweteka dongo kwambiri. Musaiwale kuti pH yokwerayo ndi imene imateteza chitsulo ku dzimbiri. A ku Belgium anachita kusankha dala simenti wamba wokutira zitini zawo za zinyalala za nyukiliya pa chifukwa chomwechi.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse, za hydrogen sindinaziganizireko. Chatsala n'chakuti zoyesa zonsezi ndi za zaka makumi ochepa, pomwe dzenjelo liyenera kugwira zaka masauzande mazanamazana. Ku Maqarin ku Jordan kuli simenti wachilengedwe amene madzi ake akhala akudutsa m'miyala kuyambira kalekale. Alipo amene anagwiritsapo ntchito chitsanzo chimenechi? Miyala ya kumeneko si yofanana ndi ya ku Bure, ndiye ndikuopa kuchikokera pomwe sichifika.