API ya Spring Boot ikukana kubweza XML

Katoto_dev:
Akuluakulu, ndikupangira sitolo ina kuno ku Mzuzu API (njira yoti mapulogalamu azipatsirana data) pa Spring Boot 3, chida chopangira mapulogalamu a Java. Pulogalamu yawo yakale imangowerenga XML, koma ndikatumiza Accept: application/xml (kupempha kuti yankho libwere mu XML) ndikulandira error 406. JSON ikubwera bwinobwino. Chikuvuta n'chiyani?

WakuLuwinga:
Achimwene, 406 ikutanthauza kuti seva ilibe chosinthira object yanu kukhala XML. Mu pom.xml (fayilo yolembamo ma library amene project ikufuna) onjezani jackson-dataformat-xml, groupId yake com.fasterxml.jackson.dataformat. Version musalembe, Spring Boot imasankha yokha. Ngati pa @GetMapping munaika produces ya JSON yokha, onjezanipo application/xml. Yesani ndi curl -H "Accept: application/xml".

Nya_Chibavi:
Zoona, koma mukatero browser nayonso iyamba kulandira XML, chifukwa Accept yake imaika application/xml patsogolo pa */*. Musadabwe. China, mukabweza List mwachindunji, tag yakunja imatuluka List, zam'kati item, zomwe pulogalamu yakaleyo mwina sizizindikira. Pangani class yokutira List-yo, muyiike @JacksonXmlRootElement(localName = "katundu").

MzuzuCoder:
Ndipo XML musalumikize pamanja ndi String. Dzina la katundu likakhala ndi chizindikiro cha &, parser (chowerengera XML) imakana chikalata chonse. Gwiritsani ntchito UTF-8 (njira yosungira zilembo), apo ayi ŵ ya mu Malaŵi isanduka zinyalala.