Kaloko pa magemu a PS4, makasitomala athawa

Yamikani, Kawale: Akuluakulu ndithandizeni. Dzulo Loweruka shopu yanga yoseweretsa magemu itadzaza, PS4 (makina a magemu a PlayStation 4) imodzi yangoonetsa kaloko pa magemu atatu, gemu ya mpira ili pomwepo. Anyamata anadikira mpaka kutopa n'kupita kwina. Makinawa ndinagula kwa munthu wina m'tauni, magemu ali kale m'kati. Kodi ndi hard drive yafa?

Bambo a Tadala, Area 25: Pepani achimwene. Hard drive ilibe mlandu. Kaloko kamabwera makina akalephera kupeza chilolezo cha gemuyo. Akaunti imene ili ndi magemuwo ndi yanu? Imelo ndi password muli nazo?

Yamikani: Ayi, ndi ya wondigulitsa uja. Anangondiuza kuti ndisadzaifufute.

Bambo a Tadala: Ndiye vuto lagona pamenepo. Mwina magemuwo anawatenga pa PlayStation Plus, umembala wolipira mwezi ndi mwezi kapena pachaka, ndipo wasiya kulipira, poti a kumeneko ndi obwereka, nthawi ikatha amatsekeka. Apo ayi wagulitsanso akaunti yomweyo kwa wina, n'kuchotsa makina anu pa primary, kutanthauza makina aakulu a akauntiyo pomwe aliyense amasewera magemu ake. Akaunti imodzi imalola PS4 imodzi yokha kukhala primary. Muimbireni alowe mu Account Management pa makina anuwo, awayike pa primary, kenako asankhe Restore Licences kuti zilolezo zibwerere.

Mayi Gondwe, Biwi: Ngakhale atsegule lero, mawa adzatsekanso, chifukwa kiyi wa geni yanu ali m'thumba mwa munthu wina. Ine zolipira mwezi ndi mwezi ndinazisiya, ndipo mtima umandiwawabe ndikakumbuka. Mu September 2023 PlayStation Plus yotsika mtengo ija inakwera kuchoka pa madola 59.99 kufika 79.99 pachaka ku America. Mu November chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Nkhwangwa ziwiri pamtengo umodzi. Komanso Malawi mulibe pa mndandanda wa maiko potsegula akaunti, ambirife timasankha South Africa kapena America, ndiye voucher yoikira ndalama mu akaunti iyenera kukhala ya dziko lomwelo, ukasokoneza ndalama yapita. Ndinakhala pansi n'kudzifunsa kuti ana obwera kwa ine amalipirira chiyani. Amafuna kukhala pabenchi limodzi, padi m'manja, kuchinyana ndi mnzawo anthu akukuwa kumbuyo. Zimenezo ndi Kick Off, gawo la gemu ya mpira losewerera pa makina amodzi, sizifuna intaneti kapena Plus. Ndinagula madisiki basi.

Kondwani, Mchesi: Nanga osangoika gemu ya mpira ya eFootball bwanji? Ndi yaulere chiyambire 2021.

Mayi Gondwe: Yaulere polowa pakhomo, mwana wanga. Popanda intaneti matimu ake ndi ochepa, kasitomala akasowa timu yake amakwiyira iwe. Zambiri zili ku intaneti, kumene bandulo imatha ngati madzi, kwinaku akukuonetsa makoini oti ugule. Ndi zomwezonso za Ultimate Team, gawo lopanga timu yako pa intaneti mu FC, gemu ya mpira ija inkatchedwa FIFA. Ine ana asukulu sindiwalola kugula mapaketi osadziwa kuti mutuluka osewera ati, sizisiyana kwenikweni ndi njuga.

Bambo a Tadala: Za madisiki ndikugwirizana nazo, koma musanagule funsani ngati gemuyo imayenda popanda intaneti. Gemu ya The Crew ya kampani ya Ubisoft, ma server ake (makompyuta oiyendetsa pa intaneti) atatsekedwa mu March 2024, ngakhale amene anali ndi disiki anatsala ndi mbale yopanda ntchito. Ndipo amene mukusunga ndalama za PS5, pewani ija ya Digital Edition yopanda polowetsa disiki. Imaoneka yotchipa, koma simungagule gemu yakale kwa mnzanu kapena kusinthana.

Yamikani: Ndamuimbira kanayi, foni siikupezeka. Ndamva, nditsegula akaunti yangayanga. Koma ndalama ya disiki ndiipeza Lachitatu, ndipo lero Lamulungu ndi tsiku la anthu ambiri.

Mayi Gondwe: Ndili ndi FC 24 ya PS4 imene ikungokhala. Tumani mnyamata wanu pa Biwi isanakwane 11 koloko, mudzabweza Lachinayi. Mufufute kaye ija ya kaloko musanalowetse disikiyi, ndipo muisiye imalize kulowa magetsi akadalipo.

Yamikani: Zikomo kwambiri amayi, wanyamuka kale pa kabaza.