Zowonjezera pa funso la Aquatabs ku Glen View

Mayi amene munafunsa chifukwa chake ana akutsekulabe m'mimba ngakhale mumathira m'madzi akumwa Aquatabs, mapiritsi a klorini ophera tizilombo, omwe mabungwe othandiza amagawa ulele ku Glen View ndi Budiriro mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, tinakuuzani zodikira mphindi 30 musanamwe. Palinso zina.

Mapiritsiwa amasiyana mphamvu, choncho werengani papaketi malita oyenera piritsi limodzi. Madzi akakhala amatope, klorini imathera pamatopepo, tizilombo n'kutsala. Asefeni kaye ndi nsalu yoyera. Koma chimene chimawononga kwambiri ndi kapu. Ndowa yathiridwa bwinobwino, mwana n'kumiza kapu pamodzi ndi zala zake, basi ntchito yonse yapita. Chigubu chapakamwa pang'ono chokhala ndi chotsekera chimaposa ndowa kutali.

Mwana akayamba kutsekula ndipo mulibe paketi ya ORS (ufa wosungunula wobwezera madzi m'thupi), sungunulani masipuni a tiyi 6 osadzaza mpaka kutumphuka a shuga ndi theka la sipuni ya tiyi ya mchere m'madzi abwino okwana 750 ml. Mchere ukachuluka umavulaza, musamayeze ndi maso.

Chimbudzi chikamaoneka ngati madzi otsukira mpunga, mwina ndi kolera. Musadikire kuche. Pitani kukiliniki ya khonsolo kapena ku Beatrice Road Infectious Diseases Hospital, mwanayo akumwabe m'njira.