Ndabwereranso ndi nkhani ya chubu ija

Abale, masiku apitawa ndinafunsa zoti chubu cha tayala la kumbuyo la njinga yanga chili ndi zigamba 6 kale, ndizingomatabe kapena ndigule china. Zikomo nonse amene munandiyankha, ndati ndikuuzeni mmene zathera.

Vuto silinali chubu ayi. Nditachotsa tayala ndikuviika chubucho mbeseni la madzi thovu limatuluka mbali ya mkati, yoyang'ana ku limu, osati kunja komwe minga imalasa. Kuyang'anitsitsa ndapeza sipoko imodzi yatulukira, kalamba kamene kamaphimba mitu ya masipoko kanatha kalekale ndiye imangobaya pomwepo ndikanyamula thumba la chimanga. Amakaniko pamsika anaipala ndi fayilo, tinadula chubu chakale nkukulunga limu yonse.

Chinanso ndimalakwitsa ndine, ndimapaka guluu nkumata chigamba pompo akadali wamadzi. Amayenera kuyamba wauma kaye mphindi ngati 5, ndipo usanapake guluuyo pamalopo upalepo bwino ndi sandipepa. Chigamba chomata choncho sichimatuka wamba.

Komabe chubu ndagula chatsopano, cha saizi 28, chifukwa chakalecho chinayamba kung'ambika patsinde pa valavu ndipo pamenepo sipamateka olo utayesa bwanji. Maganizo anga, bowo la munga kapena msomali matani basi musataye ndalama, koma pa valavu kapena zigamba zikayamba kusanjikizana gulani china. Mpweyanso muzipopa wokwana, tayala lofewa likagunda mwala limu imatsina chubu nkuboola mabowo awiri oyandikana.

Sabata yachiwiri ino sinaphwe. Chotsala cha chubu chakale ndadula malegeni omangira katundu pakaliyala.